Tinkati Ndi Jivi

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anali ndi zaka zitatu chaka chimenecho, ndipo pakhomo panga panalibe wolongolola ngati iye. Ine anthu amandinena kuti ndine wapakamwa, sindikana, koma uyu anandiposa asanasiye n'kuyamwa komwe. Tinkakhala kuseri kwa msika wa Lirangwe, ine ndi ana awiri. Bambo awo anali ku Joni. Ine ndinkagulitsa kaunjika wa ana, tsiku la msika pa Lirangwe pompo, tsiku lina ndinkakwera minibasi kukayala pa Mdeka.

Matenda anayamba ngati chimfine cha mu Juni chimene chinali khomo lililonse. Mamina, kutsokomola, thupi kutentha. Kenako m'kamwa munatuluka tizilonda, mwana n'kuyamba kukana phala. Ndinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Anamubaya chala, malungo sanawapeze. Anandipatsa panado, mankhwala akumwa a chifuwa, ndi kabotolo ka jivi koti ndizimupaka m'kamwa. Jivi mukumudziwa, mankhwala a pepo aja amene ukangodontheza kadontho kamodzi nyumba yonse imadziwa. Milomo pepo, lilime pepo, chibwano pepo. Popeza ankayamwa zala, zikhadabo zonse za m'manja zinali pepo. Ana a pamzere pathu ankabwera kudzamusuzumira n'kumathawa akuseka, iye n'kumawatukwana ndi pakamwa pake pa pepopo.

Achemwali anga aakulu amakhala ku Chileka, kumene anakwatiwa. Atamva kuti mwana wadwala anabwera kudzandithandiza kuti ndisajombe kumsika. Ndi munthu wofatsa, wamantha ndi anthu ovala zoyera. Nesi akangokweza mawu, iwo amayamba kupepesa asanadziwe n'chimene alakwa. Ine ndi iwo tinabadwa mimba imodzi koma mitima anatigawira yosiyana.

Patapita masiku ochepa thupi linazizira. Achemwali anati Alhamdulillah, wachira. Ine ndinavomera ndi pakamwa, mtima ayi. M'mawa wa tsiku la msika wa pa Mdeka ndinali nditamanga kale mtolo wanga, koma mwanayo anangokhala pamphasa atatsamira khoma, wosalira, wosatukwana munthu. Ndinamuitana, anangotembenuza maso. Ankapuma mofulumira, ndipo mpweya uliwonse unkatha ndi kakubuula kakang'ono, ih, ih, ih.

“Achemwali, taonani milomo ya mwanayu. Yada bwanji chonchi?”

“Ndi jivi uja, iwe.”

“Jivi ndamupaka dzulo m'mawa. Lero sindinamukhudze.”

“Jivi amachoka tsiku limodzi? Ona bulauzi yako.”

Ndinayang'ana bulauzi yanga, inalidi ndi madontho a sabata yonse. Ndinatsala pang'ono kusenza mtolo n'kumapita. Chimene chinandiimitsa ndi juzi. Tinali titamuveka majuzi awiri ndi chipewa, poti kwathu mwana wa chifuwa timamufunditsa kuti mphepo isamulowe, ndiye ndinati ndimusinthe la mkatilo, linali litanyowa ndi dovu. Nditamuvula, mayo ine. Pansi pa nthiti pankalowa mkati ngati wina akukoka ndi chingwe kumsana. Pakhosi apa, pamwamba pa chifuwa, pankachita kadzenje pakapumidwe kalikonse. Nthiti zonse zinkaonekera.

Ndinathamangira kumsewu kukafuna kabaza wa njinga yamoto. Pobwerera ndinapeza achemwali atamukhazika mwana pamiyendo, kabotolo kali m'manja, thonje lili pa kamtengo, akumupaka jivi watsopano. Anapaka mosaumira, milomo yonse mpaka kunja.

“Mukutani, achemwali?”

“Ukufuna akatikalipire kuti sitikumupaka mankhwala? Aone okha kuti tikumvera.”

Zimenezi si achemwali okha. Tonsefe timatero. Ukamabwerera kuchipatala ndi mwana amene sakuchira, umayamba wamumwetsa, wamupaka, wamusambitsa, kuti anesi asakunene kuti ndiwe mayi wosasamala. Ndiye sindinakangane nawo. Ndinamubereka mwana, tonse atatu tinapanikizana panjinga ija, ulendo.

Kuchipatala tinapeza mzere wafika pamtengo wa mango. Nyengo ya chimfine, mwana aliyense akulira, aliyense akutsokomola. Pakhomo panali mayi wina wa yunifomu amene ntchito yake inali kuyenda mumzere n'kumasankha odwalitsitsa kuti alowe msanga. Anafika pa ine, anasuzumira kumbuyo kwanga, anagwira mwana pachipumi.

“Sakutentha. Wakomokapo?”

“Iyayi, koma akubanika. Taonani milomo.”

“Ameneyo ndi jivi, mayi. Zilonda za m'kamwa. Dikirani pamzere.”

Anadutsa. Sindimuda mayi ameneyo, lero ndimamvetsa. Anaona mwana wosatentha, wosalira, wofunda bwino, pakamwa pali pepo ngati ana ena ambirimbiri amene anawaona mwezi umenewo. Koma tsiku limenelo ndinamuda, ndithu ndinamuda. Ndinakhala pabenchi pang'ono, ndikumva kumsana kwanga kachifuwa kaja kakugunda mofulumira, ih, ih, ih. Kenako mutu wake unagwera paphewa langa, wolemera. Achemwali anati wagona. Ine ndinaimirira.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazibwereze zonse. Ndinakuwa ndi mawu amene ndimaitanira makasitomala pamsika. Ndinati mwana wanga akufera kumsana inu mukuti jivi, jivi amakoka nthiti? Azimayi a pamzere anayamba kundizazira. Wina anati tonse tabwera ndi odwala, ndinu ndani inu. Wina anati asiyeni, ndi mayi a kaunjika aja, amatero ndi kale. Achemwali ankandikoka nsalu, “Khala pansi, ukutichititsa manyazi, atithamangitsa.” Ndinawachotsa dzanja n'kulunjika pachitseko cha adokotala, ndipo chitsekocho chinatseguka ndisanachimenye.

Adokotalawo ankandidziwa, ankagula zovala za ana awo pa ine. Bambo wa imvi pang'ono, wokonda nthabwala.

“Mayi a kaunjika, lero mukutsatsa chiyani kuchipatala kuno?”

Ndinamasula nsalu, ndinamutembenuzira mwana kutsogolo, n'kukweza majuzi onse awiri mpaka m'khosi. Kuseka kwawo kunathera pomwepo. Anauza bambo amene anali mkatimo kuti ayambe watuluka, anatilowetsa, n'kumugoneka mwana pabedi.

Anayang'ana milomo, anapukusa mutu. Anamutsegula pakamwa, lilime pepo, nkhama pepo. Anatenga dzanja kuti aone zikhadabo, nazonso pepo.

“Mwamupaka liti?”

“Pompano, tisananyamuke,” anayankha achemwali ndi mawu aang'ono. “Timaopa kuti mungati…”

“Chabwino, mayi. Musanamupake milomo inali bwanji?”

“Yakuda,” ndinatero ine. “Osati pepo. Yakuda ngati phulusa lonyowa.”

Anamuvula masokosi. Anatenga thonje lonyowa, anapukuta zala za kumapazi, n'kuyandikiza phazi kuwindo. Kumeneko jivi sanafikeko. Zikhadabo za mwana wanga, zimene ndinkazidziwa zofiirira, zinali zotuwa mobiriwira. Anatsitsa chikope cha m'munsi, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa m'kabati kanthu konga pegi yoyanikira zovala, kowala mofiira mkati, n'kukapanitsa pachala chachikulu cha kuphazi. Anati kamayeza mpweya umene uli m'magazi. Panatuluka nambala. Anakachotsa, anatikita phazi kuti lifunde, anakapanitsanso. Nambala inabwera yomweyo.

“Ikuti bwanji?” ndinafunsa.

“Ikuti mwachita bwino kukuwa.”

Anaitana nesi ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo. Anakoka makina a okosijeni, anaika timachubu m'mphuno mwa mwana, anamubaya jakisoni pantchafu. Mwana wanga, amene panthawi ya katemera ankafunika anthu awiri omugwira, sanasunthe n'komwe mwendo. Adokotala anaika chomvera chawo chija pachifuwa, kumanja, kumanzere, kumsana, kumanjanso. Ankamvetsera uku maso ali pa nambala. Ine manambala akuchipatala sindiwadziwa, koma kukwera ndi kutsika ndimakudziwa. Inakwera pang'ono n'kuima.

“Mayi, ndikuuzeni zoona,” anatero. “Chibayo chimene timachiona tsiku ndi tsiku, ukamupatsa mwana mpweya uwu nambala imakwera bwino. Uyu ndatsegula mpaka pomaliza, ikukana. Ndipo ndikumva phokoso mbali zonse ziwiri, pansi mpaka pamwamba. Ndikukayikira kuti mapapo onse atupa ndipo akulowa madzi. Kuno sindingatsimikize, pakufunika ekisire. Mupite kuchipatala chachikulu m'tauni.”

“Ndikaitane kabaza uja?”

“Ayi! Mukamuchotsa pa mpweyawu sakafika pa Lunzu.”

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ambulansi inali itapita kukasiya mayi wapakati, ndiye tinayenera kudikira. Palibe kudikira kumene ndinadana nako pamoyo wanga ngati kumeneko. Makina a okosijeni ankalira pakona, ine maso pa babu la kudenga, poti magetsi a kwathu amazima osatsanzika. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaimirira. Achemwali anakhala pansi pasimenti atagwira kaphazi ka mwana, milomo ikuyenda, akuchita duwa. Ine duwa inkandikanika. Ndinkangoti Yaa Allah, Yaa Allah, osapitirira.

Mtima utandiwawitsa ndinatembenukira achemwali. “Mukanapanda kumupaka bwenzi atamuona pamzere paja.”

Iwo misozi inangoyenda. Adokotala ndi amene anandidzudzula, ali chilembere kalata yotitumizira. “Asiyeni achemwali anuwo. Jivi tinakupatsani ndife, ndipo sanadwalitse mwanayu ndi jivi. Wangotibisira basi. Mphamvu zanuzo zisungeni, muzifuna kutsogoloku.” Ndinachita manyazi, koma sindinapepese nthawi yomweyo. Ndinangosendera n'kukhala nawo pansi, phewa kukhudza phewa.

Ambulansi inafika dzuwa lili pamutu. Munali silinda ya mpweya, nesi anakwera nafe. Msewu umenewo ndimaudziwa ngati khonde langa, ndimauyenda pokapikula mabelo ku Limbe, koma tsiku limenelo unatalika. Pa Lunzu panali msika, minibasi zitaima pakati pa msewu, makondakitala akukanganirana anthu. Dalaivala ankaliza sailini, iwo osasuntha. Ndinatsegula windo n'kuwalalatira mpaka nesi anandigwira mkono. Iye maso ake sankachoka pa kawotchi ka pa silinda, ndipo sindinafune kumufunsa chifukwa chake.

Kuchipatala chachikulu sanatiimike pamzere. Anamulanda mwana m'manja mwanga, anthu anamuzungulira, ine ndinangotsala nditagwira majuzi. Anamutenga magazi, anamuika dripi, anabwera ndi makina a ekisire pabedi pomwepo poti sakanatha kumunyamula. Dokotala wamkulu anali mayi wamng'ono thupi, mwina msinkhu wanga womwe, wolankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa mafunso ambiri. Chimfine chinayamba liti, kubanika kwayamba liti, anatsamwapo ndi chakudya, anamwapo parafini, anagwerapo m'madzi, ankatupa miyendo kale, ankatopa msanga posewera. Ine ndinkayankha uku ndikupsa mtima. Ndinati adokotala, mafunso mufunsa mawa, mupatseni mwana mankhwala.

“Ndikapanda kudziwa chimene chikumubanikitsa ndimupatsa mankhwala olakwika, mayi. Mtima ukafooka mwana amabanika chomwechi, ndipo chithandizo chake ndi china. Ndiloleni ndione.”

Anapaka mafuta oterera pachifuwa cha mwana, anayendetsapo kachida kena uku akuyang'ana pa kanema. Ndinaona chinthu chikuphiriphitha mofulumira, anati ndi mtima. Anauyang'ana mbali iyi ndi iyo. Anati mtima uli bwino, ukungothamanga. Ine ndinapuma, ndimayesa ndi nkhani yabwino. Nkhope yake sinasinthe.

Kenako anandiitanira pa chithunzi cha ekisire. Anandisonyeza kaye cha mwana wina, nthiti zoyera, pakati pake pakuda. Anati kuda kumeneko ndi mpweya, mapapo abwino amaoneka choncho. Anaika cha mwana wanga. Munali moyera mbali zonse ziwiri, ngati wina wawaza ufa. Pakuda panangotsala pang'ono m'mwamba.

Anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, lalitali, silinakhale m'mutu mwanga. Ndinati mundiuze m'Chichewa. Anati chimfine chija chinatsikira m'chifuwa, thupi polimbana nacho mapapo onse anatupa mwadzidzidzi, timatumba ta mpweya tadzaza madzi, ndiye mwana akukoka mpweya koma mpweyawo sukudutsa kupita m'magazi. Anati zinthu zimene amayang'ana zonse zagwirizana: zabwera mofulumira pambuyo pa matenda ena, zagwira mapapo onse awiri, mtima si umene wayambitsa, ndipo okosijeni wamba sakukwanira.

“Ndiye madziwo muwapope.”

“Sapopeka, mayi. Sali malo amodzi.”

“Nanga mankhwala ake?”

“Tipitiriza jakisoni wa tizilombo. Koma ochotsa kutupaku lero ndi lero palibe. Ntchito yathu ndi kumuthandiza kupuma mpaka mapapo achire okha.”

“Achira?”

Anandiyang'ana m'maso. “Sindikudziwa. Ena amachira, ena ayi.”

Abale inu, ndinafuna kumugwira pakhosi. Ndachoka ku Lirangwe, ndatukwana anthu msewu wonse, kuti ndidzamve zoti sindikudziwa? Ndinamuuza kuti ngati sakudziwa aitane amene akudziwa. Sanakwiye. Anati angakonde atandinamiza, koma ndidzamuda kwambiri pambuyo pake. Ndinatuluka panja, ndinakhala pa kapinga, ndinalira ngati mwana. Achemwali ndi amene anaimbira foni ku Joni, ine sindikanatha.

Anamuika pa makina ena okankha mpweya mwamphamvu, chubu chokhuthala m'mphuno, chomangidwa ndi chipewa kumutu, pambali pali botolo la madzi lobwata osalekeza ngakhale silinali pamoto. Chakudya chinkadutsa m'kachubu kena. Nthawi zina ankamugoneka chafufumimba, ati mapapo akumsana apeze mpata. Pegi yonga ija inakhala kuphazi osachoka, ndipo ine ndinasanduka mlonda wa nambala. Ikatsika ndinkakuwa, anesi mpaka anandizolowera. Mmodzi ankati, “Alamu yathu ya ku Lirangwe yalira.” Achemwali ankagona panja ndi anthu ena odikirira odwala, n'kumandibweretsera tiyi amene ndinkamumwa atazizira. M'wodimo munali masiku ena amene bedi loyandikana ndi lathu linkayalulidwa, mayi wa mwana amene anagonapo akutuluka atagwiriziridwa. Ndinkayang'ana kukhoma.

Sabata itadutsa, dokotala uja anati tiyese kumuchotsa pa makina. Anamasula chipewa, anasolola chubu. Nambala inayamba kutsika nthawi yomweyo, osaima, nthiti zinayambanso kukokeka, maso a mwana anatuzuka ndi mantha. Anabwezeretsa msangamsanga. Dokotala anangoti sinakwane nthawi. Tsiku limenelo sindinalankhule ndi munthu aliyense, ndipo achemwali anati kukhala chete kwangako kunawaopsa kuposa matendawo.

Anamutsitsa pang'onopang'ono, kuchoka pa makina aja kupita pa timachubu tating'ono. Ndiye m'mawa wina, madokotala akuyendera odwala, dokotala wamkulu uja anaima pabedi pathu, anamvetsera chifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Lero tichotsa zonse. Mumunyamule, mayi.”

“Iyayi. Mawa.”

“Lero.”

“Mwaiwala zija?”

“Sindinaiwale. Ndili pompano, sindichoka. Ikatsika tibwezeretsa.”

Ndinamukhazika pamiyendo, msana wake pachifuwa changa. Anali atapepuka, mikono ngati timitengo. Nesi anamatula pulasitala pamasaya, anachotsa timachubu, anatseka mpweya kukhoma. Kaphokoso kamene ndinakhala nako masiku onsewo kanaleka, ndipo m'makutu mwanga munangoti zii.

Nambala inatsika kamodzi. Inatsikanso. Ndinayang'ana dokotala, iye maso pa nambala, manja m'matumba. Ndinati bwezeretsani. Anati dikirani. Inatsikanso kachitatu, ine thukuta kamukamu, ndinati adokotala ndapota nanu, mukundiphera mwana. Anati dikirani, mayi, onani chifuwa chake, musaone nambala yokha. Sindinathe kuyang'ana. Ndinatsinzina, ndinamukumbatira, n'kumamvetsera ndi mikono yanga kachifuwa kaja kakukwera ndi kutsika. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndinamva nesi akuti yaima. Kenako anati yakwera. Ine osatsegula maso, ndinkaopa kuti akundinyengerera.

Ndiye ndinamva mawu, osasa, aang'ono, ochokera pansi pa chibwano changa.

“Amayi, mukundifinya. Tandisiyani, inu.”

Ndinatsegula maso. Anali atakweza nkhope, atakwinya pachipumi, akukankha mkono wanga ndi timanja take. Ndinamasula. Anatsetsereka pamiyendo panga, anakhala yekha pabedi atandifulatira, wokwiya kwabasi, akupuma.